Chikopa Chija Ndinachotsa Ndine

Kande,
Lachiwiri, 14 Ogasiti 2018,
9 koloko m'mawa, nkhuku nditazipatsa kale gaga.

Wokondedwa mdzukulu wanga Tionge,

Mwe uli kumeneko ku Lilongwe? Ndakupatsa dala moni wa kwanu kuti ndione ngati ukudziwabe kuyankha. Zotsalazi ndilemba m'Chichewa, chifukwa Chitonga chako n'cha munthu wongodutsa pa basi. Chichewa changa ndinachitola pamsika wa Chintheche ndikugulitsa usipa, sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Ukapeza mawu opindika uwongole wekha, usakandiseke pamaso pa mwamuna wako.

Kamwana kali bwanji? Chithunzi chija ndinachiona pa foni ya aphunzitsi. Takondwa watenga makutu a kwa a Manda, mtundu wa bambo ako, amenewo sabisika. Bambo a mwana a Noel ali bwanji? Nanga mayi ako Bridget, msana uja unasiya? Nanga bambo ako?

Ine ndilipo. Mawondo ndiwo atopa nane, ndipo mwera wa chaka chino ukulowa mpaka m'mafupa. Azakhali ako Agnes anabwera sabata yatha kuchokera ku Limphasa ndi kathumba ka mpunga. Anakhala masiku awiri, koma zolankhula zake zinali za mwezi wathunthu.

Uthenga wako unandipeza. Ukuti ukufuna mwana adzabatizidwe kuno pa Khirisimasi, mumpingo momwe anabatizidwa bambo ako. Ndinavina ndekha pakhonde mpaka galu anandiuwa. Koma ukutinso bambo ako akuti adzangokuperekezani kudepoti, kuno sapondako. Ndiye wandifunsa kuti, "Agogo, kodi bambo kwawo anawalakwira chiyani?"

Ndikudziwa zimene Agnes anakuuza. Anati Mathews anali wamwano, ananyoza bambo ake n'kuthawa. Nkhani imeneyo ndinaisiya ikule ine, zaka makumi awiri ndi zinayi, ngati udzu wa kuseri kwa bafa. Khala pansi, mwana umupatse kaye munthu wina akunyamulire.

Iwe makina osemera mitengo a agogo ako aamuna unawapeza atagona kale m'khumbi, nkhuku zikuikira pansi pake. Sunawaone akugwira ntchito. A Alufeyo anawapanga okha. Mtanda wa mbawa, chitsulo chozungulira chomwe anakatola pachigayo chakufa ku Mpamba, gudumu la njinga, lamba wa tchubu, ndi chogwirira chopukusira. Magetsi kunalibe. Magetsi ake ndinali ine.

Ndinkakhala pa mpando wa ndalema n'kumapukusa gudumu, mtengo n'kumazungulira, iwo ataima ndi chitsulo chawo chosemera, utuchi uli fumbi mpaka m'nsidze. Ankayimba nyimbo za m'buku la tchalitchi. Nyimbo ikakhala yachangu ndiye kuti pukusa mwamphamvu, ikakhala ya pamaliro ndiye kuti chepetsa. Sankandiuza ndi pakamwa ayi. Tsiku lina ndinawauza kuti ukwati wathu wonse wathera pa nyimbo ziwiri. Anaseka mpaka anawononga mwendo wa mpando.

Tionge, masiku amenewo pakhomo pano pankanunkhira. Mlombwa uli ndi fungo lake, mbawa lakenso, ndiye kuphatikiza phula la njuchi lomwe tinkapukutira. Ngakhale kondowole wathu ankamveka mtengo. Kunkabwera malole aakulu a azungu ogona m'matenti, ofiira ngati nkhanu, kudzasankha mbale, timitsuko ta shuga ndi zoikapo makandulo.

Osema analipo ambiri m'mbali mwa msewu. Koma mbale yawo ukaitembenuza, kunsi unkapeza mabowo atatu a misomali, atawatseka ndi utuchi wa guluu n'kupaka polishi ya nsapato. Ya a Alufeyo ukaitembenuza, bata. Kusalala ngati tsaya la mwana. Munthu ankaizunguza m'manja kufunafuna pomwe makina anaigwira, osapapeza. Anzawo ankabwera ngati odzacheza kuti aone. Agogo ako ankafunditsa makina ndi chiguduli n'kuyamba kuwalalikira za Yona mpaka athawe okha.

Chinsinsi chake sichinali mankhwala. Mbale poyamba inkakhomedwa ndithu ndi misomali kunsi, n'kusemedwa mkati ndi kunja, n'kupukutidwa. Ikatha, ankaizula n'kuitembenuza. Pamakina ankamangapo chipika chomwe anachisema mobulungira kuti chilowe ndendende mkati mwa mbaleyo. Chinkaoneka ngati mutu wa dazi, moti ana ankachitcha Adazi. Adaziwo ankavekedwa chikopa, mbale n'kuvundikira pamwamba pake. Kumbuyo, nsonga yachitsulo inkakankha mbaleyo, koma pakati ankaikapo kabatani ka mtengo kuti chitsulo chisalume. Akatero ankasema kunsi mpaka mabowo a misomali atha. Kachitsa kotsala pakati ankakachotsa ndi mpeni pamanja.

Ntchito yonse inali pa chikopacho. Chinali cha gwape, chochokera kwa bambo anga ku Usisya. Anachifewetsa okha ndi mafuta a nsatsi, n'kutitumizira pa sitima. Mbali yokhakhala inkagwira chipika, yofewa inkagwira mbale. Sichinkaterera, sichinkakanda. Chinalipo chimodzi chokha, ndipo a Alufeyo ankachisunga m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi kalata yathu ya ukwati.

Bambo ako anakulira pamenepo. Pofika zaka makumi awiri ndi ziwiri, kuveka Adazi ndi kumanga mbale inali ntchito yake. Diso lake linali loposa la bambo ake. Ankaika mbale, kuizunguza kamodzi ndi dzanja, kuigogoda pang'ono ndi chikhatho, basi yakhala pakati, osagwedera. A Alufeyo pamaso pake sankamuyamikira, amuna a kuno amaopa kuti lilime lithothoka. Koma kwa ine ankati mwana uyu adzandiposa.

Ndiye kunabwera 1994.

Iwe unabadwa zipani zilipo kale, sungamvetse. Anthu tinali ngati mbuzi zomasulidwa pachingwe. Aliyense ndi chala chake m'mwamba, aliyense ndi nyimbo yake. M'nyumba muno bambo anali ndi chipani chawo, mwana chake. Sinditchula mayina, onsewo anatilonjeza nsapato zofanana ndipo ndikuyendabe ndi patapata. Pa chakudya panalibe mtendere. Wina akati uyu, wina akuti uyo, ine pakati ndi chipande.

Tsiku lina Mathews anabwera kuchokera kumsonkhano ku Chintheche atakoloweka nsalu ya chipani m'khosi, zija ankagawa ulele, yokhala ndi nkhope ya munthu pakati. Agogo ako anati nkhope imeneyo sigona pansi pa denga lawo, akaiwotche pompo. Mathews anapita nayo kukhitchini atakwiya. Ine ndinamulanda, ndinati bwera nayo ndiwotcha ndine. Sindinawotche. Nsalu yatsopano, mamita awiri, ine ndili ndi zigamba kumbuyo? Ndinaipinda n'kuibisa pansi pa mphasa.

Chaka chomwecho mpingo wathu unamaliza tchalitchi cha njerwa zootcha. Pabwalo la tchalitchi chakale panali mlombwa waukulu, womwe agogo athu ankapempherera pansi pake kusanamangidwe kanthu. Mphepo inaugwetsa zaka zitatu m'mbuyomo. Matabwa ake anapangira guwa, ndipo chipika chimodzi chokha chabwino anasungira a Alufeyo, poti analinso mkulu wa mpingo, kuti aseme mbale ya ubatizo. Anailandira ntchitoyo ngati awapatsa mwana wakhanda.

Mbale imeneyo inali yaikulu ngati lichero, yolemera. Tinaisema masiku asanu. Ine ndi Mathews tinkasinthana pagudumu, komabe manja anga anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Chogwirira chinali chachitsulo, chokulungidwa ndi kansanza chabe. Lachisanu mkati munatha. Tionge, sindinaonenso chinthu chokongola chotero. Mtengowo unali ndi mizere yofiira ndi yagolide, ukayang'anamo nkhope yako inkaoneka. Kunangotsala kunsi. Lamulungu kunali kutsegulira tchalitchi, abusa ochokera kutali atafika kale.

Loweruka m'mawa agogo ako anapita kukakumana ndi akulu anzawo. Anauza Mathews kuti amange mbale, akatero akwere njinga akagule sandipepa wosalala ku Chintheche. Mathews anaveka Adazi chikopa, anamanga, anayesa, n'kunyamuka. Ndinamuona ndi maso angawa. Anamanga bwino.

Ndinatsala ndekha ndi makina, ndikudziwa kuti lero gudumu lonse ndi langa. Ndinayang'ana manja anga, nyama ili pamtunda. Ndinayang'ana chogwirira. Ndiye mutu wanga wa Sitandade 3 unandiuza kuti chofewa n'chofewa basi. Mbale imva bwanji kuti ichi n'chikopa, iyi ndi nsalu? Ili ndi khungu ngati ine?

Ndinamasula nsonga ija, ndinatsitsa mbale, ndinachotsa chikopa. Ndinafuna nsalu yoyera yopanda msoko wokanda, ndipo m'nyumba monse yatsopano inali imodzi yokha. Ndinaipinda kanayi, ndinaveka Adazi, ndinabwezera mbale, n'kumanga monga ndinkaonera. Zonse zinabisika mkati. Chikopa ndinakulunga pachogwirira, kansanza kaja pamwamba. Ndinati tikamaliza ndibweza mwakachetechete, ndani adziwe?

A Alufeyo anabwera, anavula jekete, anayambitsa nyimbo. Ndinapukusa. Manja anga anamva bwino, zimenezo sindingabise. Vesi loyamba linatha. Pa lachiwiri, chitsulo chitangoluma kwambiri, mbale inaima koma chipika mkati chikuzungulirabe. Kunamveka kulira ngati kwa mwana wa nkhumba. Iwo anaganiza kuti ndafooka, anakweza nyimbo. Ine ndi mantha ndinapukusa mwamphamvu. Kenaka fungo. Osati la mlombwa. La chinthu chopserera, ngati pulasitiki yagwera pamoto.

Anakuwa kuti leka! Anamasula mbale ija.

Mkati monse munali mkombero wakuda, wopsa, utoto wa nsalu utasungunukira m'mtengo. Nsalu zija zinali zoterera, zosakaniza ndi nayiloni. Anayesa kupala ndi chikhadabo, kenaka ndi mpeni. Kupsako kunalowa mozama, ndipo mbale inali itapyapyala kale, kusemanso kukanaiboola. Ndiye anatola nsaluyo pansi n'kuitambasula. Nkhope ija inawayang'ana, theka litapsa.

Nthawi yomweyo belu la njinga, ngiri ngiri. Mathews ndi sandipepa wake, akumwetulira.

Mawu a tsiku limenelo ndikuwakumbuka onse. Agogo ako sanakuwe. Anamufunsa kuti chikopa chili kuti. Iye anati chili momwemo ada, ndinaika ndekha. Anamuonetsa nsalu. Anati, ndinakuuza uwotche, iwe wakaiika m'mbale ya Mulungu kuti undionetse kuti chipani chako chapambana m'nyumba mwanga? Anati wawononga, ndiye ukunamanso. Anati manja ako asadzakhudzenso makina anga, ngakhale ine nditafa.

Bambo ako anayang'ana nsalu. Kenaka anayang'ana ine.

Ankadziwa, Tionge. Nsaluyo anaipereka m'manja mwanga yekha. Anangondiyang'ana, kudikira kuti mayi ake atsegule pakamwa. Ine amene pamsika ankandiopa, ine amene ndinatukwanapo kondakitala kuchokera pa Kande mpaka pa Mpamba osapuma, ndinayang'ana pansi. Ndinali nditatsamira chogwirira kuti chikopa chisaoneke.

Ndinkaopa chiyani? Agogo ako sanandimenyepo chikwatirane. Ndinkaopa mawa lake. Azimayi a mvano onse atavala zoyera, n'kumalozerana kuti uyo ndi amene wapsereza mbale ya ubatizo chifukwa cha matuza. Ndinati mumtima, mnyamata ndi mnyamata, bambo ake apsa mtima sabata imodzi, ziiwalika.

A Alufeyo anatenga nkhwangwa n'kuiwaza mbale ija pakati. Lamulungu anaima kutsogolo kwa mpingo n'kupepesa kuti m'nyumba mwawo mwachitika chipongwe. Sanatchule dzina, koma aliyense anatembenukira komwe Mathews amakhala. Ana anabatizidwa m'beseni loyera la enamelo lomwe anabwereka kwa mayi abusa. Mpaka lero ndi lomwelo.

Lolemba m'mawa bambo ako anamanga kachikwama. Ndinamuperekeza kumsewu, ndinamupatsa chinangwa chootcha. Tinaima pamenepo mwina ola lathunthu kudikira basi. Anandifunsa kamodzi kokha kuti, ama, palibe chimene mukufuna kundiuza? Ndinati ukafika ulembe kalata.

Ndiko kupita kwake. Anakakhala mlonda, kenaka dalaivala, anakwatira mayi ako, unabadwa iwe. Chitsulo chosemera sanachigwirenso. Kuno ankakutumizani inu nokha pa holide. Ndipo taona, zaka zonsezi sanakuuze, sanauze mlongo wake, ndikhulupirira ngakhale mkazi wake. Anasenza dzina la wamwano kuti mayi ake ayende bwino ku mvano.

Tsopano pali china chimene iye sakudziwa, ndicho chandigwiritsa cholembera.

Chikopa chija sindinathe kuchitaya. Ndinachibisa m'sutikesi yanga, pansi pa zovala za mvano. Agogo ako ankagwiritsa cha mbuzi, ankadandaula kuti n'cholimba. Mu 2006, akufuna khadi langa lakuchipatala, anapisa m'sutikesi muja. Ndinawapeza atakhala pamphepete pa bedi, chikopa chili pamaondo. Chinali chidakali ndi madontho a magazi a manja anga.

Ndinagwada n'kunena zonse. Ndinkayembekeza mkuntho. Iwo anangoti, Sofi, ukanandiuza kuti manja akupweteka, ndikanadikira mwana abwere. Basi. Kenaka analira. Mwamuna uja ndinamuona akulira kawiri kokha, pa maliro a mayi ake ndi tsiku limenelo. Ankangobwereza kuti mwana uja anamanga bwino, mwana uja anamanga bwino, ine ndinamuthamangitsa.

Anati alemba kalata. Anagula pepala ndi envelopu. Anayamba katatu, ndinkapeza mapepala okwinyika kuseri kwa chitseko. Ankati mawu ngati amenewa ndi a pamaso, ndipita ndekha ku Lilongwe tikakolola. Tikakolola ankati mvula ikatha. Munthu amene anapepesa pamaso pa mpingo wonse analephera kupepesa kwa mwana wake mmodzi. Ine sindinawakakamize, chifukwa ulendo wawo unali woulula ine. Tinali amantha awiri m'nyumba imodzi, tikupatsirana mchere mwaulemu. Mu 2010 sitiroko inawagwira pakamwa, patatha milungu itatu anapita.

Pa maliro bambo ako anabwera, unaona wekha. Anaima kumbuyo ngati mlendo. Titachoka kumanda ndinamupeza yekha pansi pa mango. Panalibe wina aliyense. Mulungu anandipatsa mpata wonse. Ukudziwa chimene ndinanena? Ndinamufunsa ngati wadya.

Ndiye usamuweruze, mdzukulu wanga. Bambo ako sadana ndi Kande. M'tchalitchi chimenecho ndi momwe anthu anamutembenukira ndi maso, mayi ake ali chete pabenchi ya azimayi. Iwe ukumupempha kuti akakhale momwemo, ayang'ane beseni lija. Ine ndikanakhala iye sindikanabweranso.

Pakamwa panga panakana kawiri, pamsewu ndi pansi pa mango. Ndaona kuti dzanja liyese, poti ndi lomwe linalakwa.

Mathews mwana wanga, apa ndikulankhula ndi iwe, ngakhale mawu akutuluka pakamwa pa mwana wako. Chikopa ndinachotsa ndine. Nsalu ndinaika ndine. Unandiyang'ana, ndinakuona, ndinakusiya wekha. Ada ako anamwalira akudziwa kuti sunalakwe, ndipo mawu aja oti usadzakhudze makina anawabweza pamaso panga, akulira. Ndinayenera kukuuza kalekale.

Sindikuti undikhululukire pofika Khirisimasi. Zaka zonsezi sizingathe ndi mapepala anayi. Ndikungoti bwera ndi mdzukulu wako. Abusa ndawauza kale dzulo, ndipo ndapempha kuti tsiku la ubatizo, mwana asanathiridwe madzi, andipatse mpata ndiime kutsogolo. Ambiri amene anakutembenukira tsiku lija adakalipo, akalamba ngati ine, ena makutu anagontha. Ndidzakuwa kuti amve. Kukuwa ndiye ndimatha. Ubwere usabwere ndidzaima, koma ndikanakonda uli pomwepo, undiyang'anenso, uone kuti ulendo uno sindiyang'ana pansi.

Tionge, ndatopa, chala chachita dzanzi ndipo dzuwa lafika pamutu. Undiperekere moni kwa a Noel ndi makolo awo, kwa mayi ako, ndi kwa onse akundidziwa kumeneko. Kamwanako ukapsompsone pachipumi. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu ndi mtendere m'nyumba. Yewu ukongwa, ndiye kuti zikomo kwambiri, pokumbukira kwanu.

Ndine agogo ako,
Sophie NyaLongwe

Kalatayi usaisunge m'chikwama. Upite nayo wekha kwa bambo ako, osati pa foni. Udikire adye kaye, uwawerengere yonse, osadumpha pomwe pakuchititsa manyazi agogo ako. Akakuuza kuti leka, ulekeze, koma uwasiyire pa tebulo. Akamaliza, uipereke kwa Agnes ku Limphasa awerengenso. Ameneyo akangodziwa, boma lonse la Nkhata Bay lidziwa sabata isanathe, ndipo kwa nthawi yoyamba pakamwa pakepo padzagwira ntchito yabwino.